Mabowo a Mwana wa Innasi

Thoothukudi, 9 Julaye

Mwana wanga Kitheri,

Ambuye ndi Amayi Maria akusunge kumeneko ku Chennai. Kuno tili moyo. Ine chovuta ndi mawondo okha, mng'ono wako Nevis ndi pakamwa pokha.

Dzulo unaimba foni. Ndinamuona Nevis akuseka yekha pakhonde mpaka tiyi wanga anazizira, kenaka anabwera kudzandikuwira m'khutu kuti, "Akka ali bwino." Kuseka konse kuja, za iwe mkulu wake mawu atatu basi. Lamulo la nyumba ino silinasinthe chimwalirireni amayi ako: nkhani ya banja ilembedwe papepala kuti nanenso ndimve. Makutu anga ndinawasiya pansi pa nyanja ndikutola nkhono kuti iwe uphunzire, ndiye usandimane pepala.

Nkhani ndi iyi. Ukwati wa Nevis wapsa. A Pushpam, amayi ake a Remigius, mnyamata wamagetsi wa pa doko uja, avomera sabata yachitatu ya Januwale. Mnyamatayo ndi wofatsa moti ine gonthi ndimamvana naye bwino, palibe chimene ndimaphonya.

Nkhani yachiwiri ndi ya amalume ako a Kaitan. Anabwera Lamlungu ndi bokosi la maswiti, nkhope ili ngwee. Akuti apatsidwa ntchito yopanga labala ndi mbale zachitsulo zotsekera pansi pa nsanja za magetsi a mphepo zimene ofesi yanu ikujambula, zokaimikidwa pakati pa nyanja zija. Agula kale makina atsopano. Akuti pali dzanja lako pamenepa, ndipo pa ukwati adzamuveka Nevis nkhata ya maluwa yoti tauni yonse idzaikamba. Ndinanyada, sindinama. Mlongo wa amayi ako sanayambe wandiyamikirapo kanthu, koma tsiku limenelo anandigwira dzanja kawiri.

Unditumizire mabatire a kachipangizo ka m'khutu, akuno sakhalitsa. Undiuzenso ngati ukubwera ku phwando la Amayi Maria mwezi wamawa.

Bambo ako,
Innasi


Chennai, 21 Julaye

Appa okondedwa,

Kalata yanu ndalandira, mabatire ali mu envelopu momwemu. Ine ndili bwino, ngakhale mayi mwini nyumba sanasiye kuwerenga zidebe za madzi amene ndimasamba. Za Nevis ndakondwa kwambiri. Za amalume, yambani mwakhala pansi.

Ntchito ija sindinawapezere ine. Dzina lawo ndaliona sabata yatha pa mapepala a ofesi.

Nsanja iliyonse imaima pa chipaipi chachitsulo chimene timakhomera pansi pa nyanja ngati msomali. Kukula kwake, ng'ombe ndi ngolo yake zitha kutembenukiramo. M'katimo mumadutsa chingwe chachikulu cha magetsi, muli makwerero, muli mabokosi a mawaya. Anzathu akunja amene anayamba ntchito imeneyi anaganiza motere: titseke zolimba m'munsi pamene chingwe chikulowera, titsekenso pamwamba, ndiye madzi otsalira m'kati mpweya wake ukatha, dzimbiri lidzafa ndi njala. Papepala n'zokoma. Koma chingwe sichikhala phee, Appa. Nyanja imachigwedeza chaka chonse, labala amatopa, kamng'alu kamatseguka. Zikatero, nyanja ikadzala madzi amakwera m'kati, ikaphwa amatsika, chipaipi chimapuma ngati chifuwa cha munthu, ndipo dzimbiri limadya mwakachetechete pamalo pamene aliyense akuganiza kuti ndi potseka. Zithunzi zake ndaziona. Makwerero oti munthu atsikirepo anali ngati bisiketi wonyika mu tiyi.

Ena atazindikira anapachikamo zidutswa za aluminiyamu, zimene ndi nyambo ya dzimbiri, kuti lizidya izo n'kusiya chitsulo. Koma m'madzi otsekeredwa nyamboyo inawawasitsa madzi n'kuyamba kutulutsa mpweya woyaka.

Ine ndikuti tisanamizane ndi nyanja. Tiboole dala mabowo m'munsi, madzi azilowa ndi kutuluka, m'kati tipake penti ngati kunja, nyambo igwire ntchito yake m'madzi oyenda. Kenaka pamwamba, pamene funde silifika, tiike chivundikiro cholimba, ndipo chilichonse choopa mchere chikhale pamwamba pa chivundikirocho. Zikayenda choncho, zotsekera za amalume zilibe ntchito.

A Sundaram, akulu a ofesi yathu, anandiitana. Akuti, "Mayi Kitheri, mapulani awa tinagula kale kunja. Yathu ntchito n'kusintha miyezo n'kusaina." Ine ndinati, "Sainani inu, bwana, cholembera muli nacho m'thumbamo." Koma akufuna dzina langa chifukwa za dzimbiri ndine ndinaphunzira, ndipo oyendera ntchito amayang'ana dzina limenelo. Sindisaina.

Ku phwando sinditha kubwera, misonkhano yachuluka. Mundiyatsire kandulo.

Mwana wanu,
Kitheri


Thoothukudi, 12 Ogasiti

Kitheri, mwana wa mlongo wanga,

Moni wa phwando, ngakhale sunabwere. Chifaniziro cha Amayi Maria tinachinyamula popanda iwe, ndipo chinayenda.

Bambo ako andionetsa kalata yako. Ndinaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditavala magalasi poganiza kuti mwina maso ndiwo akundinamiza.

Tsiku limene ankakuboola makutu unakhala pamiyendo pa yani? Unanyowetsa nsalu yanga yasilika, ine n'kungoseka. Ndolo zako zoyamba anagula ndani? Lero wakula, waphunzira kuboola, ndipo woyamba kumuboola ndine.

Labala wanga ali m'maboti a gombe lonse lino, kuyambira ku Punnaikayal mpaka ku Vembar. Pita ukafunse ngati pali boti limodzi linamira chifukwa cha Kaitan. Azungu anajambula, a Sundaram avomera, eni ndalama avomera, koma mwana wa Innasi yekha ndiye wamva nyanja ikumunong'oneza. Makina aja ndinagula podalira ntchito imeneyi, ndipo pali mabanja amene akudyerapo. Iwe uli pa mpando wozungulira mu ofesi yozizira, zimenezi sungazione.

Sindikuopseza, ndikungokukumbutsa mwambo umene mwina ku Chennai waiwalika. Mkwatibwi satuluka m'nyumba malume wake asanamuveke nkhata ya maluwa ndi kumugwira dzanja pakhomo. A Pushpam ndi anthu a mwambo. Tsono munthu amene mwana wa mlongo wake wamuvula pagulu sangavale nsalu yoyera n'kukaima kutsogolo kwa tchalitchi. Ukasaina, zonse zili m'malo mwake. Ukapanda kusaina, Nevis akafunse kwa mkulu wake kuti nkhata yake ili kuti.

Amayi ako ankakonda kunena kuti chibale ndi fupa sichiola. Usachiyese ndi mchere.

Malume wako,
Kaitan


Chennai, 20 Ogasiti

Amalume,

Moni. Ndikhulupirira shuga watsika ndipo azakhali ali bwino.

Ndolo zija ndikadali nazo, ndipo za nsalu yasilika ndapepesa kangapo konse, chaka chilichonse mukaikumbutsa pa Khirisimasi.

Labala wanu ndi wabwino. Sindinanenepo kuti ndi woipa, ndipo aliyense amene angandifunse ndidzamuuza zomwezo. Koma boti limabwera kumtunda, mumaligoneka chammbali, mumaona pamene patha n'kusintha. Chipaipi chikakhomedwa sichituluka mpaka ana a Nevis adzakwatire. Labala ameneyo ngakhale atapangidwa ndi angelo adzatopa, ndipo madzi saiwala khwawa.

Chivundikiro cha pamwamba chili ndi zitseko, ndipo zitsekozo zidzafuna labala wabwino. Ndi ntchito yochepa poyerekeza ndi ija, sindikunamizani, koma ndi ntchito imene mungathe kuinyadira. Mukafuna, lemberani ngati wina aliyense.

Tsopano za Nevis. Amayi akadakhala moyo, mukadawayang'ana m'maso n'kuwauza kuti simumuveka nkhata mwana wawo chifukwa cha ntchito ya labala? Ine ndikudziwa chimene akadakuyankhani, ndipo inunso mukuchidziwa. Tsiku lina munthu adzatsika makwerero amenewo ndi thumba la zipangizo kumsana, ndipo munthuyo adzakhala ndi amayi ake kunyumba. Dzina langa silipita papepala lomuuza kuti tsika, m'mwabwino. Ngati mukufuna wina woti mumuchotse pa chibale, ndichotseni ine. Nevis sanaboole kanthu.

Mwana wa mlongo wanu,
Kitheri


Thoothukudi, 14 Sepitembala

Akka,

Foni yako sindiyankha, usavutike kuimba. Ndikulemba chifukwa Appa akuti m'nyumba muno ngakhale kutukwana kulembedwe.

Zikomo kwambiri. Wanditchukitsa. Ku msika wa nsomba sindikufunikanso dzina, amangoti, "Uyo, mng'ono wake wa woboola uja." Mayi wina wogulitsa nkhanu anandiimitsa n'kuti, "Uwauze akulu ako abwere adzatiboolere mitsuko, madzi athu azipumako." Msika wonse unafa nacho chiseko. Mkulu wina wosoka ukonde anachita kulavula, akuti, "Mwana wa msodzi! Ife tikukalamba ndi phula m'zala kumata ming'alu, iye akulipidwa kuti aboole."

Kalata imene unawalembera amalume anabwera nayo kuno ataipinda kanayi. Akuti wawapatsa nyenyeswa ngati galu. Azakhali sakutipatsanso moni ku tchalitchi.

Lachinayi kunabwera a Pushpam. Tiyi anakana, mpando anakhalira m'mphepete. Akuti, "Ife sitifuna zambiri. Koma mtsikana akatuluka m'nyumba popanda malume, anthu amafunsa kuti analakwa chiyani, ndipo funso limenelo limalowa naye m'nyumba mwathu." Ukudziwa chimene Appa anachita? Anatulutsa kachipangizo kawo m'khutu, kukaika patebulo, n'kuti, "Batire latha." Mabatire ako atsopano omwe aja. Ine ndinatsala ndekha kumwetulira ngati chitsiru.

Remigius, monga mwa masiku onse, alibe mawu. Akuti iye amadziwa za mawaya, za mabowo sadziwa. Ndipo ngati sukudziwa, walembera ntchito pa nsanja zako zomwezo zikadzaima, akuti malipiro ake aposa a pa doko. Ndiye pena paliponse ndikatembenuka ndikupeza chipaipi chako.

Iwe uli ndi madigiri awiri ndi chipinda chako, utha kukhala wekha mpaka imvi. Ine ndili ndi Remigius basi, ndipo ndimamukonda, ngakhale kuti kucheza naye kuli ngati kucheza ndi kabati. Ndi dzina chabe, Akka. Dzimbiri lako lidzabwera patapita zaka, mwinanso silidzabwera n'komwe. Januwale wanga ali pakhomo.

Appa satchula dzina lako. Kalata yako aiika pansi pa chifaniziro cha Antoniyo Woyera, pamene timaika nkhani za zinthu zotayika.

Nevis


Chennai, 2 Okutobala

Appa,

Moni. Miyezi iwiri yadutsa osaona dzanja lanu. Mawondo ali bwanji? Kwa dokotala uja munapita?

Nevis wandiuza zonse, ndipo ali ndi chifukwa chokwiyira. A ku msika nawonso sindikuwada. Munthu amene anakwirirapo mbale wake chifukwa cha bowo la m'boti sangamve mawu akuti kuboola n'kumwetulira. Koma inu, Appa, inu mukudziwa china.

Mukukumbuka tsiku limene munanditenga pa kattumaram ya agogo, mitengo inayi yomangidwa ndi chingwe ija, amayi atapita ku Misa? Titadutsa mafunde oyamba madzi anatulukira pakati pa mitengo n'kundinyowetsa siketi yonse. Ndinalira kuti tikumira. Inu munaseka mpaka nkhafi inatsala pang'ono kugwa, n'kuti, "Chimamira ndi chimene chimakana madzi. Ichi chimawalola adutse." Kenaka munavula chipewa chanu cha mlaza, chosongoka chija, munapisa dzanja m'kati n'kutulutsa machesi, fodya, ndi kachidutswa ka shuga wa mgwalangwa. Zonse zinali zouma gwa. Shugayo munandipatsa ine, kulira kunathera pomwepo.

Chimene ndajambula ndi chomwecho. Pansi madzi adutse, choopa madzi chikhale m'chipewa pamutu. Masamu ake ndinaphunzira ku koleji, koma tsiku limene ndinaona zithunzi za makwerero odyeka aja, chimene chinabwera m'mutu mwanga ndi siketi yonyowa ndi shuga wouma.

Poyamba munthu wotsika makwerero uja analibe nkhope. Chilandirireni kalata ya Nevis ali ndi nkhope ya Remigius. Ngati Nevis adzandide chifukwa cha nkhata, andide. Sindifuna adzandide chifukwa cha china choposa pamenepo.

Msonkhano waukulu uli kumapeto kwa mwezi uno. Sindikukupemphani kuti muvomere masamu anga. Ndikungopempha mundilembere, ngakhale mzere umodzi, ngakhale wokalipa.

Mwana wanu,
Kitheri


Thoothukudi, 19 Okutobala

Kitheri,

Tili moyo. Kalata yako ndawerenga.

Tenga ulusi, uyeze mutu wako pamwamba pa makutu, unditumizire ulusiwo. Kwa amalume ako usalembenso.

Bambo ako,
Innasi


Chennai, 10 Novembala

Appa,

Moni. Ulusi ndi uwu. Muwaonetse onse amene akufuna kudziwa kuti mutu wa mwana wa Innasi watupa mpaka pati. Ndinapempha mzere wokalipa, osati wondiseka. Zandipweteka, sindibisa.

Msonkhano unachitika. Andichotsa pa ntchito ya nsanja, pano ndikujambula mabawuti a mpanda wa nyumba yosungira katundu. Mapulani aja wasaina mnyamata wina amene anamuitanitsa ku ofesi ina, ndipo sanandiyang'ane kumaso. Koma pali lamulo limene sangalilumphe: injiniya akatsutsa molemba, mawu akewo amapita limodzi ndi mapulani kwa oyendera ntchito akunja kwa kampani. Mawu anga apita.

A Sundaram anabwera pa desiki yanga yatsopano, pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi. Akuti, "Mayi Kitheri, ingochotsani mawu anu otsutsa aja, mubwerere pa mpando wanu." Ndinati, "Uwu nawonso uli ndi miyendo inayi, bwana."

Tsopano za ukwati. Sindibwera. Muwauze amalume kuti woboola sadzaoneka pakhomo, avale nsalu yawo yoyera, amuveke Nevis nkhata. Pa kadi loitanira anthu musalembe dzina langa. Nsalu ya sari imene ndinamugulira nditumiza pa basi, akafuna anene kuti wagula yekha.

Ndataya ntchito imene ndinkaikonda, ndikutaya ukwati wa mng'ono wanga, ndipo poona kalata yanu, mwina ndataya ndi inu omwe. Zonsezi ndaziwerengera bwinobwino. Mawu anga sindichotsa.

Kitheri


Thoothukudi, 22 Disembala

Mwana wanga Kitheri,

Ambuye akusunge. Mvula yatikwapula kuno kuposa chaka china chilichonse chimene ndikukumbuka. Madzi anafika m'chiuno, positi ofesi inasanduka dziwe la achule, n'chifukwa chake ndachedwa. Nyumba ilipo, ife tilipo. Phukusi ili ndapatsira Siluvai woyendetsa lole ya nsomba zouma, ndiye fungo lake ukhululuke.

Wopusa iwe. Madigiri awiri, koma osadziwa kuti munthu amayeza mutu pofuna kuluka chipewa?

Kukwiya ndinakwiya, ndipo kwambiri. Kalata yako yoyamba ija ine ndinangoona bowo, ndi Januwale wa Nevis akuthiramo. Itabwera ya kattumaram ndinakhala nayo sabata yathunthu m'thumba la malaya. Kenaka ndinayamba kufunafuna munthu woluka zipewa zija. Onse anamwalira, otsala amaika mafoni awo m'mapepala apulasitiki. Ndinakapeza mkulu mmodzi ku Vembar, maso atatha, amene anandiphunzitsa ndi zala. Ziwiri zoyamba zinatuluka ngati zisa za khwangwala. Ndimafuna uchione chitatha, n'chifukwa chake sindinanene. Kulemba zambiri sindinazolowere pamene manja ali pa ntchito.

Kalata yako yoti subwera ndinapita nayo kwa amalume ako. Anaiwerenga n'kuti, "Kusabwera kwake ndidye? Achotse mawu ake aja." Pamenepo ndinadziwa kuti si ulemu umene akufuna. Ndinanyamuka osamwa madzi.

Mawa lake ndinavala chipewa chimodzi mwa zolakwika zija n'kupita kwa a Pushpam, ana akunditsata m'mbuyo ndi chiseko. Batire ndinaika latsopano. Ndinati, "Mayi, ine za chitsulo sindidziwa. Mwina mwana wanga akulakwa, ndipo zidzadziwika ine nditaola kale. Koma mwana wanu walembera ntchito pa nsanja zija. Mukufuna adzatsike makwerero amene anavomereza munthu woopa malume ake?"

Iwo akuti, "Nanga nkhata adzaveka ndani?"

Ndinati, "Magazi a amayi ake a Nevis sali mwa Kaitan yekha."

"Munthu wamkazi?"

"Wamkazi, ndipo wamutu waukulu."

Akuti sizinachitikepo, abale awo theka sadzabwera. Ndinati ndiye mpunga udzatsala wambiri, tidzadya ife. Pamenepo kabati uja anatsegula chitseko. Remigius anati, "Amma, ine ndikukwatira Nevis, osati amalume ake." Ndinachita kugwira kachipangizo kuti ndione ngati kakugwira bwino. A Pushpam sanavomere ndi pakamwa, koma tiyi anatipatsa, ndipo tsiku silinasinthe. Bambo mfumu akuti buku la tchalitchi silinena kanthu za malume.

Anthu adzakamba, ndipo ena adzatitembenuzira msana pakhomo pa tchalitchi. Udzaima pamenepo, maso onse ali pa iwe. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wako ndi waukuludi, ulusi sunaname, mlaza unatha mitolo iwiri.

Nevis analira, akadali wokwiya, koma kwa osindikiza makadi anapita yekha. Pisa dzanja m'kati mwa chipewa.

Bambo ako,
Innasi

Akka, ndine Nevis. Sari ndalandira, mtundu wake si woipa. Sindinakukhululukire. Nkhata ikhale ya maluwa oyera ndi ofiira, yolemera, ndipo ukaiboola ndikupha.


Chennai, 28 Disembala

Appa okondedwa,

Moni wa Khirisimasi kwa inu ndi kwa Nevis. Pepani chifukwa cha ulusi. Mutu ndi waukulu, koma pena umakhala wopanda kanthu.

Siluvai anafika ku ofesi mvula ikugwa. Pepala lokulungira linali litanyowa mpaka kunyenyeka m'manja, ofesi yonse inanunkha nsomba, ndipo a Sundaram anatuluka kudzaona chimene chafa. Anandipeza nditavala chipewa. Chandikwana ndendende.

Ndinapisa dzanja m'kati monga munanenera. Kadi linali louma gwa, pamodzi ndi kachidutswa ka shuga wa mgwalangwa kamene simunatchule m'kalata. Pa mzere wa munthu wa kuchikazi woveka nkhata, pamene pamakhala dzina la malume, ndinawerenga kuti Kitheri Innasi. Ndinalira pomwepo, pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi, aliyense akuona.

Oyendera ntchito akuti adzayankha mu Febuluwale. Sindikudziwa kuti adzati chiyani, ndipo mwina ndidzakalamba ndikujambula mabawuti. Muwauze amalume kuti mpando wawo kutsogolo udzakhalapo, akafuna adzakhalepo.

Chaka chino ndakana kuika dzina langa papepala limodzi, inu mwaliika pa lina. Ili ndikulivomera. Ndikwera sitima ya pa 14 Januwale, nkhata ndidzagula kumeneko kuti isafote.

Mwana wanu,
Kitheri